Dzanja la Abambo Makwinja

Ntchito yokonza makina opangira matchipi a m'makompyuta ndi m'mafoni ndinaipeza chifukwa cha ampulifaya yomwe inafa pa ukwati wa Amalawi ku South Bend. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba, monga ambiri a ife tinkachitira tikangofika kumene. Ndinkasambitsa anthu, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Dipuloma yanga ya zamagetsi ya ku Blantyre inangokhala m'sutikesi, popanda woifunsa.

Tsiku la ukwatilo, perekaniperekani ali mkati, nyimbo zinangoti zii. Ndinavula nsapato zazitali, n'kupempha sikuludiraiva kwa woyang'anira holo. Vuto silinali lalikulu, fyuzi inali itapsa chifukwa cha kawaya kamene kankagunda chitsulo. Nditatseka ampulifayayo ndinaona kuti pambali panga paima bambo wamtali, waimvi, manja ali kumbuyo.

"Ndiwe mwana wa yani?" anandifunsa.

Ndinawauza dzina la bambo anga ndi mudzi wathu, ndi kuti ine ndine Tadala. Iwo anati ndi a Makwinja, amakhala ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis. Anati sanaone za fyuzi ayi. Chimene anaona n'chakuti timabawuti tonse ndinatiyala pampango motsatana ndi mmene ndinatichotsera, ndipo palibe kanatsala.

"Kuntchito kwathu akufuna munthu. Ukaapulaye. Ukakamba nawo, usakaweramitse mutu ngati uli pamaso pa apongozi. Kuno amayesa ukubisa kanthu."

Ndinabwereka galimoto ya mkulu wanga n'kutsetsereka msewu wa ku Indianapolis, minda ya chimanga uku ndi uku. Anandilemba. Mwana wanga wamkazi ndinamusiya ndi mkulu wangayo ku South Bend, ine n'kupeza kachipinda ku Speedway, pafupi ndi kuntchitoko. Lachisanu lililonse ndikaweruka ndinkadraiva kubwerera kukamuona.

Kampani yathu siinkapanga matchipi. Inkagula makina akale m'mafakitale akuluakulu a ku Texas, Arizona ndi kwina, kuwaphwasula, kuwatsuka, kusintha ziwalo zotha, kuwamanganso n'kuwagulitsa. Makina amene ine ndinkagwirapo ndi ojambula tinjira ta magetsi pa weifa, kambale kopyapyala konyezimira kamene amadulapo matchipi. Mtima wa makinawo ndi tchemba, chiphika chachitsulo chokhala ndi chivindikiro cholemera. Muli weifa mkatimo, mapampu amakoka mpweya wonse kuti musatsale kalikonse. Mdani wathu wamkulu anali fumbi. Kafumbi kamodzi kosaoneka ndi maso kakhoza kuononga tchipi.

N'chifukwa chake tinkagwira ntchito m'chipinda chaukhondo, ndipo kulowamo unali mwambo. Foni, ndolo, madzi akumwa, zonse zinkatsala m'lokala, kabati yosungiramo katundu wa munthu. Mafuta odzola ankaletsa, moti nyengo yozizira khungu langa linkatuwa mpaka kung'aluka. Unkayamba ndi kaneti kakumutu ndi chophimba pakamwa, kenako magolovesi oyamba, chipewa chofika m'mapewa, ovolosi yoyera yomwe sinkayenera kukhudza pansi, majombo ansalu, magalasi, pomaliza magolovesi achiwiri. Ukafuna kupita kuchimbudzi, uvule zonsezi n'kudzavalanso. Ambiri tinkangopewa kumwa madzi mmawa. Mkatimo mafani ankalira osalekeza, mpweya ukutsika kuchokera kudenga. Munthu ankaoneka maso okha. Tinkadziwana ndi kayendedwe.

Abambo Makwinja ndiwo anandiphunzitsa zonse. Anandiphunzitsa kupukuta tchemba ndi nsalu yosathothoka yonyowetsa ndi sipiriti, kuchokera pamwamba kutsika, osabwerezanso mbali ya nsalu yomwe yapukuta kale. Anandiphunzitsa kuika mphira yotsekera mpweya m'ngalande yake popanda kuipotokola. Anandiphunzitsa kumanga mabawuti a chivindikiro ndi sipanala yoyeza mphamvu, yomwe imalira kuti "tche" ikafika pamlingo, ndipo osamanga motsatana koma modumphadumpha, ili kenako la kutsidya kwake, kuti chivindikiro chikhale mofanana. Anandiphunzitsanso kusaka pobooka. Makina akakoka mpweya, umatenga kapaipi kopyapyala kotulutsa gasi wotchedwa hiliyamu n'kumakayendetsa pang'onopang'ono m'mphepete monse molumikizira, kuyambira pamwamba. Pakakhala kampata, hiliyamu amalowa ndipo chida choyezera chimalira mokweza.

Lamulo limene sankaseka nalo linali la loko. Munthu asanalowetse dzanja m'makina, amathimitsa magetsi ndi gasi n'kukoloweka loko yakeyake pachothimitsira. Anthu akakhala atatu, maloko atatu. Kiyi imakhala m'thumba la mwini wake, ndipo palibe amachotsa loko ya mnzake, ngakhale bwana.

Masana tinkadyera limodzi. Mayi Makwinja, omwe anali namwino, ankawalongedzera chakudya cha anthu awiri chifukwa cha ine. Kumeneko n'kumene ndinamva mbiri yawo ya ntchito. Pakampani ngati yathu makwerero ake ndi odziwika. Umayamba ngati tekinishani wamba, kenako wamkulu, kenako mtsogoleri wa gulu kapena injiniya woyendayenda, wokaika makina kumafakitale a makasitomala. Koma kuti ukwere pamwambapo pamafunika pepala la koleji ya konkuno, ndiponso kuvomera kukhala miyezi m'mahotela kutali ndi banja. Abambo Makwinja anakana zoyendayenda ana ali aang'ono, poti mayi ankagwira mashifiti kuchipatala. Za sukulu ankangoti chaka chamawa. Anthu ambiri amene anawaphunzitsa kugwira sipanala anadzakhala mabwana awo, kuphatikizapo Greg, manijala wathu.

"Iwe usachite zanga," ankatero. "Kalembetse sukulu yamadzulo."

Ndinalembetsa. Zinali zowawa, koma ndinamaliza.

Kunjenjemera kwa dzanja lawo ndinakuona tsiku lina tikudya. Dzanja lamanja linali pathebulo, chala chachikulu chikusisita cha mkombaphala chokha, ngati munthu wopsipsinya fodya. Kunyumba ya okalamba kuja ndinali nditaona manja otero ambiri. Ndinadikira anthu atuluke.

"Abambo, mundikhululukire. Dzanjalo mwakaonetsa kuchipatala?"

Analibisa pansi pa thebulo, kenako analitulutsanso. Anati mayi anazindikira kalekale, dokotala anatsimikiza kuti ndi matenda a mitsempha amene sachira, koma mankhwala akuthandiza. Akamwa pa nthawi yake dzanja limakhazikika. Anatinso anali atamuuza kale Greg.

"Chitsirizira changa chatsala pang'ono kumaliza koleji. Chikamaliza ndipuma."

Tinapangana kukapempha kuti awapatse udindo wophunzitsa olembedwa kumene, kuti asiye kugwira ziwalo zosweka. Greg anatimvetsera mwaulemu. Anati udindo umenewo kulibe pakampani, ndipo akulu akulikulu akadzaukhazikitsa adzafuna wa digiri. Anapepesa, ndipo ndikhulupirira kuti anapepesadi kuchokera mumtima. Patangopita miyezi yochepa anandiitana ndekha n'kundiuza kuti ndine mtsogoleri wa gulu. M'gulumo munali anthu anayi, mmodzi wa iwo abambo Makwinja.

Ndinachita manyazi kuwauza. Iwo anandigwira chanza ndi manja awiri, n'kuyamba kunditchula kuti "abwana" moseka. Loweruka lake mayi Makwinja anaphika thobwa.

Tsiku lovutalo linali la mwezi wa May. Ndimakumbukira chifukwa mwezi umenewo ku Speedway magalimoto ampikisano amakhala akuyeserera, ndipo phokoso lake limamveka tauni yonse ngati njuchi zikusamuka. Makina amene tinavutika nawo nyengo yonse yozizira anali atatha kukonzedwa, ndipo injiniya wa kasitomala anabwera kuchokera ku Texas kudzaona mayeso omaliza asanasaine. Malonda chaka chimenecho sankayenda. Tonse tinkadziwa kuti makina amenewa akakanidwa, ena a ife achotsedwa ntchito.

Mmawa zinthu zinachedwa. Loboti yonyamula maweifa inkaphonya pakati, ndipo zinatitengera nthawi yaitali kuiphunzitsanso malo oikira. Pomwe tinkamaliza, nthawi ya nkhomaliro inali itakwana. Chotsala chinali kutsegula tchemba kuti mlendoyo aone mkati, kuika mkombero watsopano wa kwatsi, kutseka, kukoka mpweya ndi kuyeza pobooka. Kwatsi ndi galasi lolimba pamoto koma losachedwa kubenthuka.

Mlendoyo anayang'ana wotchi yapakhoma. "Ndege yanga ndi ya madzulo ano. Ngati n'kotheka tisapume, tingomaliziratu."

Greg anali kunja, kuseri kwa zenera lalikulu lagalasi. Anavomera kudzera pa sipika. Palibe anatsutsa. Ine sindinkadziwa kuti mankhwala a abambo Makwinja amamwa ndi chakudya chamasana, ndipo iwo sananene. Mapiritsi anali m'lokala, ndipo kuti akamwe anayenera kuvula zonse zija, mlendo akudikira.

Tinakoloweka maloko athu n'kutsegula chivindikiro. Mlendo anaunika mkati ndi tochi, anagwedeza mutu kuvomereza. Mnzathu amene ankayenera kuika mkombero anali atatumidwa kukayang'ana mapampu kuchipinda china, ine ndinagwirizira chivindikiro. Abambo Makwinja anatsegula mapulasitiki awiri okutira mkomberowo n'kuunyamula ndi manja onse, monga anachitira kambirimbiri pa moyo wawo.

Ndinaona mapewa awo auma. Kenako dzanja lamanja linayamba kunjenjemera. Anaima, kudikira kuti lileke. Silinaleke. Anayesa kutsitsa mkomberowo mofulumira kuti athane nazo, ndipo m'mphepete mwake munagunda mlomo wa tchemba. Sikunali kulira kwakukulu ayi, kunangoti "khe", ngati supuni pa kapu. Koma kachidutswa kanabenthuka, tizinyenyeswa n'kugwera m'tchemba yomwe tinaipukuta masiku ambiri.

Tonse tinangoti chilili. Iwo anaima mkombero uli m'manja, ukunjenjemera pamaso pa aliyense. Ndinatsamiritsa chivindikiro pa chogwiriziza chake n'kulandira mkomberowo.

Mlendo anayang'ana kuzenera. "Bamboyu ali bwino? Sindingasaine makina amene akugwiridwa motere."

Sipika inalira, mawu a Greg ali otsika. "Tadala, gulu ndi lako. Atuluke, ndipo asagwirenso makinawa."

Kwathu mwana satulutsa wamkulu m'nyumba. Ndinaleredwa kugwada popereka madzi kwa anthu amsinkhu wawo. Awa anali munthu amene anandichotsa kotembenuza okalamba, amene mkazi wawo ankandiphikira. Ndinayang'ana galasi lija ndi chiyembekezo chakuti Greg alowa adzanene yekha, koma anali atatembenuka, akuimba foni yofunsa ngati kusitolo ya ziwalo ya pakampani kuli mkombero wina. Abambo Makwinja anamva zonse, Chingerezi ankachidziwa kuposa ine. Koma sanasunthe. Ankadikira kuti ndinene ndine.

Ndinayankhula m'Chichewa kuti mlendo asamve.

"Abambo, pepani. Ndikupempha kuti mukapume."

"Nena bwinobwino, mwana wanga. Kupempha kapena kulamula?"

Ndinayankha kuti, "Mutuluke, abambo. Makinawa musawagwirenso."

"Chabwino," anatero. "Ndichotse loko yanga."

Anapita pachothimitsira, n'kutulutsa kiyi. Kiyiyo inkagunda loko mbali iyi, mbali iyo, osalowa pabowo. Anayesa ndi dzanja lamanzere, nalonso linakana. Popanda kuchotsa loko imeneyo makina sakanayaka, ndipo lamulo silinkalola kuti ndiwalande kiyi. Mlendo anayang'ana kumbali. Ndinapita n'kuwagwira pamkono ndi manja anga awiri, mmene ndinkagwirira agogo aja powamwetsa tiyi. Ndinamva kunjenjemerako kukudutsa m'magolovesi anayi mpaka m'mafupa anga. Kiyi inalowa. Anaipotokola okha.

Anatuluka pang'onopang'ono, loko ili m'manja, akukoka phazi limodzi. Chitseko cha chipinda chovuliramo chinatsekeka.

M'chipinda chaukhondo sulira. Misozi ndi mamina nazonso ndi fumbi, ndipo sungadzipukute. Ndinatenga chokokera fumbi n'kuchotsa tizinyenyeswa tonse, ndinapukuta tchemba kuchokera pamwamba kutsika, nsalu ndi nsalu, ndinaunika ndi tochi ngodya iliyonse. Mkombero wina unapezeka. Ndinauika, tinatseka, ndinamanga mabawuti modumphadumpha, tinachotsa maloko otsala n'kuyatsa mapampu. Ndinayendetsa kapaipi ka hiliyamu m'malo onse. Chida sichinalire. Tinayendetsa maweifa oyeserera, fumbi linali pansi pa mlingo. Mlendo anasaina n'kuthamangira ndege yake. Greg anandigwira paphewa n'kunena kuti ndapulumutsa kampani.

Galimoto ya abambo Makwinja inali ikadali panja. Anakhala mkati, mawindo otsitsa, dzuwa likuwaomba, manja onse ali phee pachiwongolero. Mankhwala anali atagwira. Ndinatsegula chitseko cha mbali inayo n'kukhala. Patali magalimoto aja ankangozungulira.

"Makina adutsa?" anafunsa.

"Adutsa, abambo."

"Hiliyamu unayamba pamwamba?"

"Ndinayamba pamwamba."

Pamenepo ndinalira ngati mwana. Anandisiya ndilire. Nditatonthola anati, "Walira mvula walira matope. Utsogoleri ndi umenewu. Ukanandisiya mmene muja, mawa ndikanaphwanya chachikulu, kapena kupweteka munthu." Kenako anaonjezera kuti, "Chimene chikundiwawa n'chakuti kapiritsi kamodzi kanali apo, kuseri kwa khoma. Ndinachita manyazi kunena kuti ndidikireni. Zaka zonsezi sindinauzepo mzungu kuti andidikire."

Lolemba anawasamutsira kusitolo ya ziwalo. Ankakhala pampando, kulandira mabokosi ndi kumatira zikwangwani. Chipinda chaukhondo ankachionera pazenera. Nthawi zina ndikakweza maso ndinkawapeza ataima pagalasipo, manja kumbuyo, akuyang'ana mmene achinyamata akumangira mabawuti. Tikaonana maso ankabwerera kusitolo.

Makina aja sanapulumutse aliyense kwa nthawi yaitali. Chaka chisanathe maoda anauma, monga zimachitikira pa malonda amenewa, zaka zina ntchito mbwee, zaka zina mafakitale osagula kanthu. Anachotsa anthu, kuyambira amene sankagwira makina. Abambo Makwinja analandira uthenga wawo mmawa wina chipale chofewa chikugwa. Panalibe phwando lotsazikana. Ndinawanyamulira katoni mpaka kugalimoto. Mwana wawo anali atatsala ndi temu imodzi, ndipo mayi Makwinja anaonjezera mashifiti mpaka anamaliza.

Ine sanandichotse. Patapita nthawi ndinakwezedwanso, n'kukhala injiniya woyendayenda. Ndinasamutsira mwana wanga ku Indianapolis, komabe theka la nthawi ndinkakhala m'mahotela a ku Arizona, tikumaonana pafoni, ine ndikumufunsa m'Chichewa iye akuyankha m'Chingerezi. Ndikabwera ndinkapita ku Beech Grove. Chaka ndi chaka ndinkawapeza atachepa. Mawu anayamba kutsika mpaka ndinkachita kuyandikitsa khutu. Nkhope inauma, kumwetulira kunatsala m'maso mokha. Komabe sankalephera kufunsa makina amene ndikuika, ndi ngati anyamata atsopano akumvera. Sanatchulepo za tsiku lija, ngakhale kamodzi.

Anamwalira m'chilimwe, zaka za m'ma 2010 zikupita kumapeto. Amalawi a ku South Bend anabwera ndi magalimoto ambiri, tinaimba m'nyumba mpaka aneba anatuluka kudzaima pakapinga. Kuntchito kunabwera anthu awiri, ine ndi Greg. Greg anakhala kumbuyo, osamva liwu lililonse la nyimbozo, maso ali ofiira.

Anthu akamandifunsa za ntchito imeneyi, ndimawauza zoona. Ndi ntchito yabwino, munthu amakwera. Koma imadya manja, maso ndi msana, ndipo zimenezi zikatha siikudziwanso. Wachinyamata aliyense amene wabwera m'gulu langa ndimamukakamiza sukulu manja ake akadali olimba, ena mpaka amadana nane. Ndipo tsiku loyamba ndimamufunsa payekha ngati pali mankhwala amene amamwa, kapena chilichonse chimene thupi lake limafuna pa nthawi yake, chifukwa ndinaphunzira kuti anthu aulemu sapempha.

Nthawi yopuma ikakwana ndimaimitsa ntchito. Makasitomala ena amakwiya. Wina ku Arizona anandikalipira pamaso pa gulu langa lonse, nati kodi ndikudziwa kuti fakitale yonse ikudikira makina amenewa? Ndinamuyankha kuti ndikudziwa, ndipo tibwera tikadya. Ndinaimirira pachitseko mpaka munthu wanga womaliza atatuluka, kenako ndinatuluka nanenso.